Nkhondo ya Ciwaya: Zimene Anaona Makolo Athu

Mabuku a mbiri amati Nkhondo Yaikulu Yoyamba inabuka ku Ulaya m'caka ca 1914, nitha m'caka ca 1918. Amachula maina a mafumu ndi a atsogoleri a asilikali. Koma sachula dzina la munthu amene anasenza thumba la ufa pa doko, nakwera nalo mapiri, phazi lili pansi. Munthu ameneyo ndiye kholo lathu. M'phunziro lino tifuna kuona nkhondo ija ndi maso ake.

Nkhondo ifika pa nyanja

Masiku amenewo nyanja yathu inazingidwa ndi atsamunda a mitundu itatu. Kutsidya kunali Angerezi, m'dziko la Nyasaland, limene lero ndi Malawi. Kumpoto kunali Ajeremani, m'dziko limene lero ndi Tanzania. Kuno kunali Apwitikizi. Boma lao linapereka dziko lino kwa kampani yochedwa Companhia do Niassa m'caka ca 1891, ndipo kampaniyo inakhometsa msonkho wa nyumba ndi kugwira anthu cibalo kufikira 1929.

Angerezi analowa nkhondo pa 4 Agosto 1914. Asanathe masabata awiri, sitima yao, Guendolen, inafika ku Liuli, doko limene Ajeremani anali kulicha Sphinxhaven. Inapeza sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, ili pamtunda, amisiri ali kuikonza. Anaiombera mzinga naiononga. Woyendetsa sitima ya Ajeremaniyo sanadziwe n'komwe kuti nkhondo yayamba. Kuyambira pamenepo Angerezi anali kuyenda pa nyanja monga afunira. Ngakhale Chauncy Maples, sitima ya mishoni imene anthu a ku Likoma ndi ku Messumba anaizolowera, inatengedwa kuti inyamule asilikali ndi katundu.

M'mwezi wa Março 1916, Apwitikizi naonso analowa nkhondo, mbali ya Angerezi. Pa 25 Novembro 1917, mtsogoleri wa Ajeremani, Paul von Lettow-Vorbeck, anaoloka mtsinje wa Rovuma, nagonjetsa Apwitikizi pa Negomano, nalanda mfuti, zipolopolo ndi cakudya. Asilikali ake, ambiri a iwo anthu akuda, anakwera ndi mtsinje wa Lugenda. Powalondola, Angerezi anatsitsa asilikali pa doko la Metangula, nalowa kumtunda kulinga ku Unango ndi ku Muembe. Nkhondo ya ku Ulaya inali itafika pa khomo pathu.

Anthu m'malo mwa ng'ombe

Kunalibe miseu ya galimoto. Ng'ombe ndi akavalo zinali kufa ndi nchenche za kashembe. Nanga ufa, mcere, zipolopolo ndi mahema zikanayenda bwanji? Zinayenda pa mitu ya anthu. Anthu amenewa anachedwa atengatenga.

Munthu mmodzi anali kusenza katundu wa makilo 25 kapena kuposerapo. Tiyeni tiwerengere pamodzi. Tinene kuti munthuyo adya kilo imodzi ya ufa tsiku lililonse. Akayenda masiku 25, wadya thumba lonse, ndipo msilikali amene ali kutsogolo salandira kanthu. Cifukwa cace panafunika anthu ena osenzera cakudya atengatenga anzao. Nkhondo ikamka patali, anthu ofunika anali kucuruka, ndipo phoso linali kucepa. Woyamba kumanidwa anali mtengatenga.

Ku Nyasaland kokha anthu okwana ngati 200,000 anagwira nchito imeneyi. M'maiko onse a kum'mawa kwa Africa, Angerezi analemba atengatenga pafupifupi 1,000,000, ndipo mabuku ao omwe abvomereza kuti oposa 90,000 anafa. Ambiri sanafe ndi mfuti. Anafa ndi kamwazi, malungo, cibayo ndi njala.

Mau a amene analipo

M'zaka za m'ma 1970, mphunzitsi wa mbiri, Melvin Page, pamodzi ndi omthandiza a ku Malawi, anayenda m'midzi ya kutsidya kufunsa nkhalamba zimene zinaona nkhondoyi. Pambuyo pake analemba buku lochedwa The Chiwaya War. Ciwaya ndilo dzina limene anthu anapatsa mfuti yolira mosalekeza. Aliyense amene anakazingapo cimanga m'ciwaya adziwa kuthetheka kwake.

Nkhalamba zija sizinakumbukire kwambiri masiku ndi miyezi. Zinakumbukira amithenga a boma ofika usiku kudzagwira amuna. Zinakumbukira kubisala m'thengo ndi m'mapiri. Zinakumbukira mafumu oopsezedwa kuti akapanda kupereka anthu adzacotsedwa. Zinakumbukira anzao otsala m'mbali mwa njira, opanda wowaika m'manda. Izi sizilembedwa m'kalata ya mtsogoleri wa asilikali, cifukwa iye sanasenze thumba.

Kuno kwathu nchito yogwira anthu inali m'manja mwa asipayo, ndiwo apolisi a kampani. Anthu anali atatopa kale ndi msonkho, ndipo mabanja ambiri anali atathawira ku Nyasaland. N'cifukwa cake mafumu ena a mu Niassa analandira Ajeremani, poyesa kuti adzawacotsera goli la kampani. Koma gulu lililonse la asilikali, la mbendera iliyonse, linali kudya za m'nkhokwe za anthu. Ajeremani atapita, Apwitikizi anabwerera nalanga midzi imene inawalandira.

Si onse amene anakhala cete. Ku Nyasaland, John Chilembwe anatsutsa poyera kuti anthu akuda afere nkhondo imene siinali yao, ndipo anaukira atsamunda pa 23 Janeiro 1915. Ku Barue, kum'mwera kwa Zambezi, anthu anaukira Apwitikizi m'caka ca 1917 cifukwa ca kugwidwa cibalo ndi utengatenga.

Nkhondo itatha

Ku Ulaya mfuti zinaleka kulira pa 11 Novembro 1918. Lettow-Vorbeck anali ataoloka kale Rovuma kubwerera kumpoto, nalowa m'dziko limene lero ndi Zambia. Anatula zida pa 25 Novembro ku Abercorn, kumene lero ndi Mbala.

Koma m'midzi mabvuto sanathe. Amuna anali atacoka nyengo ya dzinja, minda yambiri inagona, ndipo njala inalowa. Pamwamba pa njala panabwera nthenda ya fuluwenza, imene inayenda ndi masitima ndi anthu obwerera kwao. Pa dziko lonse lapansi nthendayi inapha anthu ambiri kuposa nkhondo yeniyeniyo.

Nanga anapindula ndani? M'caka ca 1919 opambana anagawana maiko a Ajeremani. Angerezi anatenga Tanganyika. Apwitikizi analandira kadziko ka Quionga, pa mathiriro a Rovuma. Mtengatenga anabwerera ku msonkho womwe uja ndi cibalo comwe cija.

Cinthu cimodzi cinatsala cimene tonse tikuciona. Anyamata akamabvina mganda, atabvala zoyera, ali pa mizere, malipenga a zikho ali kulira ndipo wotsogolera ali patsogolo, tikuona perete wa asilikali. Gule ameneyu, pamodzi ndi beni wa Ayao, anafala kwambiri m'mbali mwa nyanja m'zaka za nkhondoyi ndi pambuyo pake. Makolo athu sanadziwe kulemba, koma zimene anaona anaziika m'ng'oma ndi m'mapazi.

Nchito yathu

Lero palibe ndi mmodzi yemwe wamoyo amene anasenza katundu m'nkhondo ya ciwaya. Kumene kunafika wofunsa ndi kulemba, mau ao alipo. Kumene sikunafike, ambiri analowa nao m'manda, ndipo zotsala ndi zidutswa zimene adzukulu akumbukira.

Koma pakati pathu alipo amene anaona zina. Alipo amene anaona nkhondo ya ufulu imene inayamba pa 25 Setembro 1964, pamene mabanja a m'mbali mwa nyanja anathawira ku Likoma, ku Malawi ndi ku Tanzania. Alipo amene anaona mbendera ikukwera pa 25 Junho 1975. Alipo ambiri amene anaona nkhondo ya zaka 16, imene inatha ndi cipangano ca ku Roma pa 4 Outubro 1992. Ena a iwo akhala pa benci limodzi ndi ife m'kalasi muno, kuno ku Maniamba.

Mau a akulu akoma akagonera, koma agonera bwino akakhala pa pepala. Kale tinali kudikira mlendo kuti adzatilembere. Tsopano dzanja lathu lazolowera pensulo. Tifunse amai monga tifunsa abambo, pakuti amene anatsala ndi ana ndi nkhokwe yopanda kanthu nayenso anaiona nkhondo. Tilembe monga anenera mwini wake, osaonjeza, osacotsa. Akakana kunena zina, tisamkakamize.

Tikambirane

1. Cifukwa ninji atsamunda anafuna atengatenga ambiri cotere?
2. Cinapha atengatenga ambiri n'ciani?
3. Kodi m'banja mwathu muli nkhani imene agogo anasiya ya nkhondo ya Ajeremani?

Tilembe

Tipite kwa munthu wamkulu wa m'mudzi mwathu. Timfunse cinthu cimodzi cacikulu cimene anaona ndi maso ake. Tilembe caka, malo, ndi mizere isanu ya mau ake. Tidzawerengerana pa phunziro lamawa.