Makwerero a Mtundu ndi Chipembedzo pa Migodi ya Mutorashanga

Mutorashanga ndi tauni ya migodi ya chrome pa mtandadza wa mapiri wa Great Dyke, pakati pa mafamu a fodya m'chigawo cha Mashonaland West ku Zimbabwe. M'nthawi ya atsamunda, ambiri mwa okumba miyala pamalowa adachokera ku Nyasaland, Mozambique ndi Northern Rhodesia. Aliyense adadza ndi chikhulupiriro chake: Achewa adatsegula madambwe a Gule Wamkulu, Ayao adamanga mizikiti, ena adasonkhana m'mipingo ya Chikhristu. M'komboni munali mitundu ndi zipembedzo zambiri, koma pabwalo logamula za kampani panali khungu limodzi.

Tsankholi lidakhazikika pa lamulo. Industrial Conciliation Act ya 1934 sidawerengere munthu wakuda m'gulu la antchito ovomerezeka, motero ntchito zaluso zidasungidwira Azungu. Mu 1946 boma la Southern Rhodesia lidakhazikitsa bungwe lolemba anthu ntchito lomwe kwathu lidadziwika ndi dzina loti Mthandizi. Pamwamba pomwe tchona akadafika panali pa ukapitawo kapena ukalaliki. Kampani ya African Chrome Mines inali m'manja mwa Union Carbide, imene likulu lake linali ku New York.

Phindu lidalipo ndithu, koma gwero lake n'lofunika kulisanthula. Ian Smith atalengeza ufulu wa Azungu mu 1965, bungwe la United Nations lidaletsa malonda ndi Rhodesia. Komabe lamulo la Byrd Amendment la 1971 lidalola dziko la America kugulabe chrome mpaka 1977. Choncho chuma cha migodiyi chidatsamira pa malipiro ochepa ndi ndale za mayiko, ndipo n'kulakwitsa kuchitenga ngati umboni woti bodi ya mtundu umodzi imayendetsa bwino malonda.

Ufulu wa 1980 udasintha eni, koma makwerero adatsala. Union Carbide idagulitsa migodiyi mu 1994, ndipo mu 2007 kampani ya ku China ya Sinosteel idagula gawo lalikulu la Zimasco. Mitengo ya chitsulo itagwa, Zimasco idalowa pansi pa ulamuliro wa khoti mu 2016 chifukwa cha ngongole. Pamenepo n'kuti lamulo la 2001 litalanda kale unzika kwa ana ambiri a machona, ndipo malamulo aakulu a 2013 ndiwo adawatsegulira njira yowubwezeretsa.

Ofufuza amene masiku ano amawerenga mitundu ndi zipembedzo za mamembala a mabodi ayenera kuyamba ndi funso lomwe mbiri ya Mutorashanga ikudzutsa: ndani adatsekeredwa kunja chiwerengerocho chisanayambe, ndipo ndi lamulo liti lidatseka chitsekocho?