Za Dzina la Kamuzu: Chiyambi Chache, Tanthauzo Lache, ndi Kusowa Kwache

Aphunzitsi ndi alaliki anzathu, inu amene mulemba maina a ana m'mabuku a sukulu ndi a ubatizo kuno ku Bowe ndi m'mapiri onse a Dowa ndi Ntchisi, tiyeni tilingalire pamodzi za dzina limodzi la ana aamuna. Poitana maina m'mawa timamva Yohane, Chisomo, Mabvuto ndi Madalitso alikubvomera, koma zaka zitha kupitapo osamva mnyamata ndi mmodzi yemwe wobvomera dzina lakuti Kamuzu. Tsono munthu akakwera basi kunka ku Lilongwe, aliwerenga dzina lomwelo pa bwalo la ndege, pa chipatala chachikuru, ndi pa mseu wa pakati pa mzinda. Palibe dzina lomveka koposa ili m'dziko muno, ndipo liri pa makoma ambiri, koma ana olitchedwa ndi owerengeka. Tifuna kulongosola kumene linachokera, ndi chifukwa chache linachuruka pa nyumba ndi kuchepa pa anthu.

Mapangidwe a dzinali

Dzinali lichokera ku mau akuti muzu, amene pochuruka titi mizu, monga titi mudzi, midzi. Pofuna kuchepsa chinthu m'chinenero chathu tiyamba ndi ka-, ndipo zikachuruka tiyamba ndi ti-: mwana, kamwana, tiana, mtsuko, kamtsuko, timitsuko. Momwemonso muzu, kamuzu, timizu. Chotero kamuzu ndiko muzu waung'ono, wonga uja autsata sing'anga ndi khasu patsinde pa mtengo.

Ana a sukulu amafunsa chifukwa chache tinena kamuzu ndi u womveka, pamene pa kamtengo ndi kamtsinje u sapezeka. Chifukwa chache ndi ichi: tsinde la mau likakhala la phatikizo limodzi lokha, monga -zu, -dzi, -tu, -nda, mu- akhala wathunthu, natipatsa muzu, mudzi, mutu, munda, koma tsinde likatalika, monga -tengo ndi -tsinje, u agwa, natsala m yekha.

Penyaninso ichi. Tikanena za muzu weni-weni, mau onse otsatira agwirizana ndi ka-: kamuzu kanga kakang'ono kauma. Koma mau omwewo akasanduka dzina la munthu, atuluka m'gulu la tinthu nalowa m'gulu la anthu: Kamuzu wanga wadwala, a Kamuzu afika. Munthu wonena kuti "Kamuzu kafika" watukwana mwini dzina. Maina ena a mtundu womwewu ndiwo Kamwendo, Kachingwe, Kanyama ndi Kamwana. Onsewa ali ndi ka- wochepsa, koma eni ache tiwanena monga anthu.

Mwambo umene unabala dzinali

Makolo athu sanali kutola dzina chifukwa lakoma m'makutu ai. Mwana anali kukhala m'chikuta kufikira mchombo utagwa, ndipo pamenepo akuru anamutcha dzina, kawiri-kawiri la mbale amene anatsogola, kapena lonena zimene zinaoneka pa kubadwa kwache. Wobadwa pa masiku a imfa anali Maliro. Wobadwa atate wache atamwalira anali Masiye. Wobadwa pa nyengo yowawa anali Mabvuto kapena Masautso. Dzina linali buku la mudzi pamene kunalibe pepala.

Pa zowawa zonse za m'banja, kusaona mwana kunali kowawa koposa. Kwa ife Achewa mwana ali wa mbumba ya amache, ndipo mkazi wokhala zaka osatenga pakati anali kudandaulitsa alongo ache ndi malume ache omwe, pakuti mudzi unali kukula ndi ana a akazi ache. Mkazi wotere anamuka naye kwa sing'anga, amene anakumba mizu kuthengo, naiviika m'madzi kapena kuiphikira m'phala, kuti amwe. Mwana akabadwa pambuyo pache, anthu anati mankhwala aja agwira, namutcha dzina lokumbutsa mankhwalawo. Lero tidziwa kuti kusabala kuli ndi zifukwa zambiri, zina za mkazi, zina za mwamuna, ndipo tilangiza anthu kupita ku chipatala onse awiri. Koma dzina la Kamuzu litiuza za misozi ya mai amene analindira, ndi za kukondwa kwache pamene anafukata mwana.

Mwana wa ku Kasungu

Tsidya lija la mtsinje wa Bua, umene ulekanitsa Dowa ndi Kasungu, kunabadwa mwana amene anamveketsa dzinali. Boma lache linali kunena kuti anabadwa pa 14 May 1906, koma olemba mbiri ambiri aika kubadwa kwache pafupi ndi chaka cha 1898. Atate wache anali a mfunda wa Banda, amache a mfunda wa Phiri. Mbiri ya moyo wache ifotokoza kuti amache anakhala nthawi osaona mwana kufikira anamwa mizu ya sing'anga, ndi kuti mwanayo anatchedwa Kamnkhwala, ndiko kunena mankhwala ang'ono, dzina limene pambuyo pache linalowedwa m'malo ndi Kamuzu. Maina awiriwa anena chinthu chimodzi. Ndipo inu ophunzitsa chinenero muone kuti loyambalo lasunga mau a chinthu chimodzi, mnkhwala, amene ife tizolowera kuwamva pochuruka pokha, mankhwala.

Mwanayo anayamba sukulu ku Mtunthama, napitirira ku Chilanga, pa misyoni imene a Livingstonia anaimika ku Kasungu, kumene kunali Dr George Prentice. Polowa mu mpingo anatenga dzina la Hastings, potsata Mskochi wina wa misyoni, John Hastings. Umo ndimo munali kuchitikira m'masiku aja konse kuno, kuyambira pamene misyoni inafika ku Mvera m'chaka cha 1889, ku Kongwe mu 1894, ndi ku Nkhoma mu 1896: wobatizidwa anatenga dzina la m'Buku kapena la Mzungu, ndipo dzina la pa mchombo linatsalira kumudzi m'kamwa mwa agogo.

Pafupi ndi chaka cha 1915 mnyamatayo anachoka kwao, nagwira ntchito ku Hartley ndi ku Johannesburg, naoloka nyanja kunka ku America mu 1925. Anatsiriza maphunziro a udokotala ku Meharry Medical College mu 1937 ndi ku Edinburgh mu 1941, nachiritsa anthu ku Liverpool, ku London ndi ku Kumasi. Zaka zonsezi odwala ache anamdziwa ndi dzina lakuti Dr Hastings Banda, ndipo Kamuzu anabisala m'chilembo chimodzi, K. Koma za kwao sanaziiwale, pakuti mu 1946 iye ndi T. Cullen Young anaturutsa buku la miyambo ya anthu a dziko lino, lotchedwa Our African Way of Life.

Kukula kwa dzina

Anabwerera pa 6 July 1958, natera pa Chileka, ataitanidwa kuti atsogolere Nyasaland African Congress pokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Anthu anafuna mtsogoleri wa dzina lotchulika m'kamwa mwao, ndipo pamenepo dzina la pa mchombo linaturuka poyera, la ubatizo nilifupika: H. Kamuzu Banda. Kumangidwa kwache pa 3 March 1959 ndi kukhala kwache m'ndende ya Gwelo kufikira April 1960 kunangolimwaza dzinalo midzi yonse.

Apa pali chodabwitsa kwa wodziwa mwambo. Kwathu munthu wamkuru satchulidwa dzina la ubwana. Tim'tchula ndi mfunda wache, a Banda, a Phiri, a Mwale, ndi mkazi Nabanda kapena Naphiri. Mnyamata amene wachoka kudambwe ali ndi dzina latsopano, ndipo kumuitana ndi lakale ndiko kumputa. Koma mtsogoleri uyu, amene anadzitcha nkhoswe ya mbumba yonse ya dziko, anatchulidwa ndi khamu, ana ndi akuru omwe, dzina limene amache anamutcha ali wakhanda.

Dziko litalandira ufulu pa 6 July 1964, nilikhala lipabuliki mu 1966, ndipo iye atakhala mtsogoleri wa muyaya mu 1971, dzinalo linalembedwa pa zomanga zazikuru: chipatala cha ku Lilongwe, bwalo la masewero la ku Blantyre, mlatho wa ku Chikwawa, chotsekera madzi a Shire ku Liwonde, sukulu ya Kamuzu Academy imene inatsegulidwa ku Mtunthama mu 1981, ndi bwalo la ndege la ku Lumbadzi, kumalire a boma lathu lino. Kamuzu kaja kakang'ono kanasanduka mtengo wophimba dziko.

Chifukwa chache ana olitchedwa achepa

Choyamba, dzinali kuyambira kale silinali la mwana aliyense, koma la wobadwa m'njira imodzi yokha, ya kulindira ndi mankhwala.

Chachiwiri, mthunzi wa mtengo waukuru suphukitsa mbeu. Masiku aja chithunzi cha mtsogoleri chinali m'sitolo iriyonse, ndipo lamulo la chaka cha 1967 loteteza mbendera, zizindikiro ndi maina linalanga wonyoza pulezidenti. Ife a ku Dowa sitisowa wotiuza za mantha a nthawiyo, pakuti ndende ya andale ya Dzaleka inali pakhomo pathu pompano, isanasanduke msasa wa othawa kwao mu 1994. Tsono lingalirani: mwana afunika kudzudzulidwa, kutumidwa ku chitsime, ndi kukalipiridwa akatayitsa mbuzi. Ndi mai uti akadalimba mtima kupfuula pabwalo, anthu alikumva, kuti, "Kamuzu, ndiwe wopusa iwe"? Alipo ena amene analandira dzinali, monga Kamuzu Chibambo, loya amene anapikisana nawo pa chisankho cha pulezidenti mu 2009 ndi 2014, koma makolo ambiri analilambalala.

Chachitatu, dzinali linalowa m'mikangano. Anthu atasankha zipani zambiri pa 14 June 1993, ndipo mwini dzina atagonja pa chisankho cha 1994, boma la Bakili Muluzi linalichotsa pa bwalo la ndege, pa chipatala cha ku Lilongwe ndi pa bwalo la masewero. Boma la Bingu wa Mutharika linalibwezera mu 2004. Mwini wache anali atamwalira ku Johannesburg pa 25 November 1997. Kufikira lero ena polimva akumbuka ufulu ndi chakudya, ena akumbuka abale ao amene sanabwerere. Ndipo kholo silifuna kusenzetsa khanda katundu wotere.

Chachinai, chiyamiko chasintha mau. Mai amene analindira zaka, lero atcha mwana wache Mphatso, Tadala, Yamikani kapena Chiyembekezo. Mtima ndi womwewo, koma muzu sautchulanso.

Chimene tipempha kwa inu

Taonani, dzina limene linalamula dziko zaka 30 linayamba m'chikuta, pakati pa amai ochepa okondwera kuti mnzao waona mwana. Ndipo likadatayika m'buku la ubatizo mwini wache akadapanda kulikumba. Maina ena otere alikutayika m'manja mwathu chaka ndi chaka, polemba ife dzina latsopano lokha. Akuru anati, mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Momwemonso dzina limene mai anapereka lisanyozeke chifukwa liyamba ndi ka-.

Chifukwa chache, polemba mwana kapena wa m'kalasi, lembani maina onse awiri, la ubatizo ndi la pa mchombo. Funsani agogo ache amene analitcha, ndi chimene chinaoneka masiku amenewo, nimuchilembe m'mphepete. Ndipo pophunzitsa gulu la ka- ndi ti-, uzani ana akafunse kwao maina akale oyamba ndi ka-, abwere nao m'mawa mwache, aliyense ndi mbiri yache.