Za Mai Joyce Banda ndi Lamulo la m'Banja

Ife okhala kumadzulo kuno kwa nyanja ya Chilwa tinazolowera kuwerenga zaka ndi madzi. Akulu akumbuka 1968 pamene nyanja inaphwa, ndipo ana ao akumbuka 1995 pamene mabwato anagona pamatope pa Kachulu, matemba nasowa m'misika. Koma mwezi uno tifuna kuwerenga zaka za munthu, ndiye mwana wa boma lathu lino la Zomba, Mai Joyce Banda, amene anabadwa m'mudzi wa Malemia m'chaka cha 1950.

Ambiri awadziwa chifukwa cha mpando waukulu uja anakhalapo kuyambira pa 7 April 2012, Bingu wa Mutharika atamwalira, kufikira chisankho cha 2014 chimene anagonja. Za masiku amenewo, za kugwa kwa kwacha ndi kubedwa kwa chuma cha boma, ena analemba kale zambiri. Ife tiyesa kuti nchito yao yoposa inachitika kale, akali nduna.

Pa chisankho cha 2004 anthu a Malosa anawatuma ku Nyumba ya Malamulo, ndipo chaka chomwecho anapatsidwa unduna woyang'anira amai ndi ana. Bvuto la unduna umenewu sanalimva ndi makutu okha ai, pakuti iwo eni anenapo poyera kuti anachoka m'banja lao loyamba ndi ana atatu chifukwa cha nkhanza. Tsono anaimirira kolimba kuti pakhale lamulo loletsa nkhanza za m'banja. Sinali nthawi yofewa, popeza mu 2005 Mutharika anatuluka m'chipani cha UDF nayamba chache cha DPP, ndipo aphungu otsutsa anachuluka m'Nyumbamo. Komabe lamulolo linabvomerezedwa mu 2006.

Tiyenera kulongosola bwino chimene linasintha. Kale mkazi womenyedwa anali kuthamangira kwa ankhoswe, ndipo ankhoswe abwino analanditsadi ambiri. Koma ena anangoti, "Bwerera, banja ndi kupirira," namtumiza komwe kuli ndodo. Apolisi naonso anali kuti za m'nyumba nza eni ache. Lamulo lija linapatsa bwalo la milandu mphamvu yakuletsa wankhanza kuti asayandikire mnzache, ngakhale kumtulutsa m'nyumba ndithu, wozunzidwayo natsalamo. Linawerenganso kumana munthu chuma chofunika pakhomo kuti ndi nkhanza. Mau awa atikhudza ife a kunyanja koposa, pakuti tidziwa za asodzi ena okhala miyezi m'zimbowera, amene ndalama za makumba ndi milamba zithera komweko, ana ali kugona ndi njala kumtunda. Ndipo amuna asayese kuti lamulo lidana nao: litchinjiriza mwamuna womenyedwa monga momwe lichitira ndi mkazi, ngakhale kuno kwathu kwa chikamwini mwamuna wotere achita manyazi kuulula.

Mu June 2006 anawasamutsira ku unduna wa maiko akunja. Ndiwo analengeza mu January 2008 kuti Malawi waleka ubale ndi Taiwan, umene unayamba mu 1966, nagwirizana ndi China. A ku Mzuzu, amene Taiwan anawamangira chipatala chachikulu, anali ndi chifukwa chakudandaula. Aphungu analandira nyumba yatsopano ku Lilongwe. Mu 2009 anasankhidwa kukhala wachiwiri wa mtsogoleri wa dziko, ndipo mu December 2010 chipani cha DPP chinawachotsa, iwo nayamba chao.

Lamulo la 2006 lija likali m'mabuku a boma. Koma mkazi wa pa chilumba cha Chisi wofuna kulipempha ayenera ayambe wapeza ndalama ya bwato lomuolotsa kufika pa Kachulu, ndi yinanso ya galimoto yokwera naye ku Zomba, ndipo kawirikawiri ndalamazo asunga ndi yemwe uja akukamnenera.