Mankhwala a Matenda a Maganizo ndi Zovuta Zimene Amabweretsa M'thupi

Akatekisti ndi atsogoleri a miphakati poyendera odwala amapeza mabanja amene m'bale wawo wangotuluka kumene ku chipatala cha Zomba Mental, kapena ku St John of God ku Mzuzu, ndipo akumwa mapiritsi. Kawirikawiri achibale amafunsa kuti: "Kodi mankhwalawa sakumuwonjezera matenda? Taonani mmene akunjenjemerera." Funsoli n'lofunika kuliyankha mosamala, pakuti odwala ambiri amasiya mankhwala chifukwa cha zovuta zimene mankhwalawo amabweretsa m'thupi, ndipo akasiya matenda amabwerera.

Mawu akuti misala timaphimbira nawo matenda angapo osiyana. Bungwe la WHO linanena mu 2022 kuti m'chaka cha 2019 munthu mmodzi mwa anthu 8 alionse padziko lapansi anali ndi vuto la maganizo, ndipo ambiri mwa iwo sanavulepo zovala pamsewu. Ofala kwambiri ndi matenda a nkhawa ndi amene madokotala amati depression: munthu amakhala wokhumudwa milungu iwiri kapena kuposerapo, sagona bwino, chakudya sachifuna, amadziona wachabechabe, mwina n'kumaganiza zodzipha. Amayi ena amadwala motere akangobereka. Matenda a bipolar ali ndi nyengo ziwiri, ina yosagona, yolongolola ndi kumwaza ndalama, ina yokhumudwa. Schizophrenia, imene imagwira pafupifupi munthu mmodzi mwa 300, imayamba makamaka pa unyamata: wodwala amamva mawu amene ena sakuwamva, ndipo amakhulupirira kuti anthu akumulondalonda. Tisaiwale kuti malungo aakulu, matenda oumitsa khosi, chamba ndi kachasu nazonso zimasokoneza mutu, n'chifukwa chake munthu ayenera kupimidwa asanayambe mankhwala alionse.

Mankhwala oyamba amphamvu a matenda omva mawu ndi chlorpromazine, amene ambiri amawadziwa kuti Largactil. Madokotala awiri, Jean Delay ndi Pierre Deniker, anawagwiritsa ntchito ku chipatala cha Sainte-Anne mu mzinda wa Paris mu 1952. Haloperidol anapangidwa ku Belgium mu 1958. Onsewa amachepetsa mphamvu ya dopamine, chinthu chonyamula uthenga mu ubongo. Vuto n'lakuti dopamine yemweyo ndiye amathandizanso kuyendetsa minofu, motero mankhwala akamaletsa mawu aja amakhudzanso kayendedwe ka thupi. Wodwala amauma thupi, amayenda mokwakwaza mapazi, manja amanjenjemera, dovu limatuluka. Wina amalephera kukhazikika pamodzi, amangoti kukhala, kuima, kuyenda, ndipo achibale amayesa kuti matenda akukula.

Choopsa kuchiona ndi chimene chimachitika masiku oyambirira, makamaka kwa anyamata: khosi limapindika, maso amatembenukira m'mwamba, lilime limatuluka. Apa mpamene mabanja ambiri amathamangira kunena za ziwanda kapena ufiti. Komatu uku ndi kukokana kwa minofu chabe, ndipo kumatha msanga wodwala akalandira benzhexol, amene amatchedwanso Artane, kapena jakisoni kuchipatala. Chlorpromazine amagonetsanso, amachititsa chizungulire munthu akadzuka mofulumira, ndiponso khungu limapsa msanga ndi dzuwa, choncho wopita kumunda avale chipewa ndi malaya a manja aatali. Munthu akamwa mankhwalawa zaka zambiri, milomo ndi lilime zimatha kuyamba kugwedera zokha ngati akutafuna. Izi muuze dokotala zikangoyamba, chifukwa zikakhalitsa sizitherapo.

Mankhwala atsopano monga risperidone ndi olanzapine saumitsa thupi kwenikweni, koma amanenepetsa, ndipo olanzapine amatha kuyambitsa shuga. Risperidone nthawi zina amaimitsa msambo kapena kutulutsa mkaka m'mawere. Palinso nkhani imene abambo ambiri sainena kwa namwino chifukwa cha manyazi, ya kuchepa mphamvu m'banja. Ine ndiona kuti imeneyi imasiyitsa anthu mankhwala mwakachetechete kuposa mmene timaganizira, pamene dokotala akanatha kuchepetsa mlingo kapena kusintha mtundu. Kwa amene amaiwala mapiritsi pali jakisoni wa fluphenazine, wotchedwa Modecate, wobayidwa pakapita milungu iwiri mpaka inayi.

Pa depression, mankhwala odziwika ndi amitriptyline ndi fluoxetine. Sagwira ntchito tsiku lomwelo. Pamapita milungu iwiri mpaka inayi, mwina kuposerapo, munthu asanaone kusintha, chonsecho zovuta zake zimayamba msanga. Amitriptyline amaumitsa m'kamwa, amadzimbitsa ndi kugonetsa, n'chifukwa chake amamwedwa usiku. Akamwedwa ochuluka nthawi imodzi amaononga mtima mpaka kupha, motero ngati wodwala analankhulapo zodzipha, mapiritsi asunge ndi womudwazika. Fluoxetine amamwedwa m'mawa ndipo poyamba amachititsa nseru, mutu ndi kusowa tulo. Munthu akapeza bwino apitirizebe kwa miyezi 6 kapena kuposerapo, monga dokotala wanenera.

A bipolar amapatsidwa lithium, amene John Cade wa ku Australia analemba za ntchito yake mu 1949, kapena sodium valproate, kapena carbamazepine. Lithium amafuna kuyeza magazi pafupipafupi. Valproate amapundula mwana m'mimba, choncho mayi amene angatenge pathupi akambirane ndi dokotala asanayambe, ndipo amene watenga kale asasiye yekha koma apite kuchipatala mwamsanga. Carbamazepine amafooketsa mankhwala ena, kuphatikizapo ena a ma ARV. Diazepam ndi wa masiku ochepa okha, chifukwa thupi limamuzolowera.

Zovuta zambiri zatchulidwazi zingathe kudikira tsiku la kuchipatala. Koma izi sizidikira: kutentha thupi kwambiri pamodzi ndi kuuma minofu ndi kusokonezeka, zidzolo zotuluka ndi zilonda m'kamwa kapena m'maso, makamaka kwa womwa carbamazepine, maso achikasu, kutsegula m'mimba, kusanza ndi kudzandira kwa womwa lithium, kulephera kupuma kapena kumeza, ndiponso mawu alionse onena za kudzipha. Wotere apite naye kuchipatala tsiku lomwelo, mutanyamula mapiritsi onse ndi buku lake la kuchipatala.

Akhristu ena amadumphitsa mapiritsi a m'mawa kuti akalandire Ukaristia, kapena pa masiku osala. Lamulo la Mpingo, pa nambala 919, limati munthu asadye kapena kumwa kanthu kwa ola limodzi asanalandire, kupatula madzi ndi mankhwala, ndipo odwala ndi owadwazika angathe kulandira ngakhale atadya kanthu m'ola limenelo. Mkatekisti akapempherera wodwala m'nyumba, ndi bwino asanatsanzike afunseko tsiku limene wodwalayo akatengenso mankhwala kapena kubayitsa jakisoni, ndiponso amene adzamuperekeze.