Mabwinja ndi Malire Akale a ku Chitakale

Wapaulendo akafika pa Chitakale, pamene msewu wa ku Likhubula upatukira, maso ake amathera pa tiyi wobiriwira ndi phiri la Mulanje. Koma wopenyetsetsa amaona zina m'minda ya chigawo chimenechi: kankhalango ka mitengo yachilengedwe katatsala pakati pa tiyi, kapena mango akale ataima pamodzi popanda nyumba pafupi. Kankhalango kotere kawirikawiri ndi manda, ndipo mangowo ndi bwinja. Pabwinja khasu limafukula mapale, mafuwa ndi mphero.

Makolo sankalemba malire papepala. Mtsinje, chulu, mwala waukulu kapena mzere wa nkhadze zinali mboni zokwanira. Munda unkayenda m'mbumba, kwa amayi ndi ana awo aakazi, ndipo pakabuka mkangano ankaitana okalamba, paja akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Kalimidwe nako kanasiya zizindikiro zake. Amang'anja ankalima m'matutu. Mizere yopingasa mtsetse, imene ambiri amayesa ndi ya makolo, inakakamizidwa ndi boma la atsamunda m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950, nthawi ya malimidwe, pamene wokana ankalipitsidwa chindapusa kapena kumangidwa.

Malire a papepala anadza ndi azungu. Mu 1891 Henry Brown anabzala tiyi ku Thornwood, m'boma lomweli la Mulanje. Kuyambira mu 1892 Harry Johnston ankapereka zikalata za Certificate of Claim kwa azungu onena kuti anagula malo kwa mafumu, nthawi zambiri ndi nsalu ndi mikanda. M'zikalata zambiri munali mawu oti midzi ndi minda yopezeka kale pamalopo isasunthidwe popanda chilolezo cha boma. Mawuwo anali okoma kumva, koma anali msampha. Mlimi wa masiku amenewo ankasiya munda ukaguga n'kukatsegula wina, ndipo mudzi unkasamuka. Akangosuntha, chitetezo chija chinkatsalira pabwinja, iye n'kusanduka mlendo padziko la agogo ake. Alhomwe ochokera ku Mozambique, amene analowa ambiri pambuyo pake, sanawerengedwe n'komwe. Onsewa anagwa m'thangata, kulipira malo okhala ndi thukuta lawo.

Manda okha ndiwo ankaopedwa. Ngakhale kapitawo waukali sakanapeza munthu wolola kugwetsa mtengo wa kumanda, n'chifukwa chake timitengo tija tinatsala ngati zilumba.

Thangata anathetsedwa mu 1962, koma malire a maesiteti ambiri sanasunthe. Lamulo la malo a makolo la mu 2016 limalola mabanja kulembetsa minda yawo, ndipo polembetsa pamafunika kuloza pamene munda wayambira ndi pamene walekezera. Mdzukulu amene sanayendepo m'malire ndi agogo ake amasowa chonena, makamaka ngati nkhadze ija inadulidwa ndipo chulu chinagumulidwa kuti aumbire njerwa.