Bata la pa Chilumba cha Likoma

Chisanu cha mwezi wa Juni chikalimba kuno ku mapiri a Dedza, ena a ife timalakalaka kutsetsereka ku Golomoti, kukakwera Ilala ku Monkey Bay, ndi kukapumula pansi pa milambe ya pa chilumba cha Likoma. Koma bata la kumeneko lili ndi mbiri yake.

Amishoni a UMCA adakhazikika pa Likoma m'chaka cha 1885, nthaŵi imene nkhondo ndi malonda a ukapolo zinkasautsa anthu a m'mphepete mwa nyanja. Pachilumbapo padali malo otchedwa Chipyela, pamene ankatenthera anthu owaganizira ufiti. Pamalo omwewo, mu 1903, amisiri adayamba kumanga tchalitchi chachikulu cha Petro Woyera, chimene chidapatulidwa mu 1911. Chauncy Maples, mmodzi wa oyambitsa mishoniyo, sadachione: adamira m'nyanja mu 1895, atangodzozedwa ubishopu.

Tsono mukadzapita kukapumula, musadzangosambira basi. Mudzaloŵe m'tchalitchimo, mukhale phee, ndi kukumbukira anthu amene adafera pa Chipyela popanda woŵalira maliro.