George Pemba, Mphunzitsi Amene Anasunga Mbiri ya Anthu Ace ndi Utoto

Mbiri ya mtundu wa anthu imasungidwa m'njira zambiri. Akulu amaisunga m'kamwa, naipereka kwa adzukulu ao. Ophunzira amailemba m'mabuku. Ena amaiika m'nyimbo ndi m'magule. Koma iripo njira yina imene sitiiganizira kawiri-kawiri m'masukulu mwathu, ndiyo ya mmisiri wojambula zithunzi ndi utoto. M'nkhani ino tifuna kulondola moyo wa mmisiri mmodzi wotere, George Milwa Mnyaluza Pemba, wa mtundu wa Axhosa ku South Africa, amene anayamba kujambula akali mwana, ndipo sanaleke kufikira atakalamba. Moyo wace utikhudza ife aphunzitsi, pakuti iyenso anali mphunzitsi, ndipo luso lace likadafa msanga pakadapanda anthu owerengeka amene analiona nalisamala.

Pemba anabadwa pa 2 April 1912 ku Korsten, dera la anthu osauka m'mbali mwa mzinda wa Port Elizabeth, umene lero dzina lace ndi Gqeberha. Makolo ambiri akapeza mwana alikulemba-lemba pa khoma amathamangira mkwapulo, koma atate ace a Pemba sanatero ai. Iwo anamlimbikitsa, namlola kujambula pa zipupa za nyumba yao. Pambuyo pace anayamba kumtengera zithunzi za Azungu a kunchito kwao zojambulidwa ndi kamera, ndipo mnyamatayo anali kuzijambulanso ndi dzanja. M'caka ca 1924 anapambana, nalandira thandizo la ndalama lochedwa Grey Scholarship, nalowa sukulu ya Paterson. M'caka ca 1928, ali ndi zaka 16, nchito ya manja ace inaonetsedwa poyera kwa nthawi yoyamba m'nyumba ya Feather Market Hall. Atate acewo anamwalira iye akali mnyamata, koma mbeu anali atabzala kale.

Popeza masiku amenewo munthu wakuda wophunzira anali ndi makomo ocepa otseguka, Pemba anapita kukaphunzira uphunzitsi ku Lovedale, sukulu ya amishoni a ku Scotland imene inatsegulidwa m'caka ca 1841. Dzina limeneli si lacilendo kwa ife, pakuti ndi komweko kumene kunacokera William Koyi, amene anafika kuno m'caka ca 1876 kudzathandiza amishoni a Livingstonia. Ali kumeneko Pemba anadwala nthenda ya m'matumbo, nagonekedwa m'cipatala, ndipo pofuna kutaya nthawi anali kujambula anamwino ndi madotolo. Zithunzi zimenezi zinafika m'manja mwa mai wina wojambula, Ethel Smythe. Maiyo anamphunzitsa kagwiritsidwe nchito ka utoto wosungunula ndi madzi, namtsegulira mabuku ace, m'mene mnyamatayo anaonamo nchito za amisiri akale a ku Ulaya monga Rembrandt ndi Velázquez. Nayenso Mbusa R. H. W. Shepherd, woyang'anira nyumba yosindikiza mabuku ya Lovedale, anampatsa nchito yojambula zithunzi za m'mabuku.

Atatsiriza maphunziro anakaphunzitsa pa sukulu ya mishoni ya Wesile ku King William's Town. M'caka ca 1937 bungwe la Bantu Welfare Trust linamlipirira kuti akaphunzire kwa Professor Austin Winter Moore ku Rhodes. Anakhalako miyezi yowerengeka yokha. M'zaka zomwezo anapambana pa mpikisano wa May Esther Bedford, ndipo waciwiri wace anali mphunzitsi mnzace, Gerard Sekoto.

Pano ndipo tiona bvuto limene linamtsata zaka zonse: zithunzi sizinali kudyetsa banja. Malipiro a uphunzitsi anali ocepa, cotero anausiya, nakhala mesenjala wa bwalo la mirandu, pambuyo pace wotolera ndalama za lendi ya nyumba ku New Brighton, lokeshoni ya anthu akuda ku Port Elizabeth. Kuyambira 1952 kufikira 1978 iye ndi mkazi wace anali kugulitsa zakudya m'kasitolo kao kochedwa Gabby's Store. Tangoganizani, owerenga, zaka 26 munthu alikuyeza shuga ndi ufa, napeza mpata wogwira burashi pokha-pokha nchito zina zitatha. Sekoto anasankha njira yina: anacoka m'dzikomo m'caka ca 1947, napita ku Paris, ndipo anamwalirira ku France komweko m'caka ca 1993. Pemba anatsala kwao.

Komatu kutsalako ndiko kunampatsa cuma cimene wocoka sakanakhala naco. M'caka ca 1944 anayenda ulendo wautali ku Johannesburg, ku Durban, ku Basutoland (lero Lesotho) ndi ku Umtata, alikujambula anthu ndi zobvala za makolo ao, poopa kuti miyambo imeneyi idzazimirira. M'zaka zomwezo za m'ma 1940 Sekoto anamlangiza kuti ayambe utoto wa mafuta, ndi kuti ayang'ane moyo wa m'malokeshoni. Boma la tsankho litalowa m'caka ca 1948, nayamba malamulo a zitupa ndi kusamutsa anthu kukula mphamvu, Pemba anali pakati pa obvutikawo, nawaona ndi maso ace. Anajambula anthu pa maliro ndi m'nyumba ya mapemphero, odwala odikira ku cipatala, othinana m'sitima, amuna osowa nchito, ndi mabanja othawa apolisi. Sanaiwalenso zakale, pakuti anajambula ndi kulemba sewero la Nongqawuse, mtsikana amene ulosi wace unaphetsa ng'ombe za Axhosa m'zaka za 1856 ndi 1857.

Mabuku a boma a nthawi imeneyo anawerenga anthu awa monga ciwerengero cabe, cakuti okhoma lendi ndi angati, ndipo ogwidwa opanda citupa ndi angati. Pemba, amene anatolerapo lendiyo ndi manja ace, anasunga nkhope zao. Wofuna kudziwa lero m'mene mai wa ku New Brighton anali kumangira mpango wace, kapena m'mene nkhalamba inali kukhalira podikira dotolo, adzapeza yankho m'zithunzi zimenezi koposa m'makalata a boma.

Ulemu unabwera mocedwa. M'caka ca 1979 sukulu yaikuru ya Fort Hare inampatsa digiri yaulemu. M'caka ca 1988 zithunzi zace zinali pakati pa zoonetsedwa ku Johannesburg Art Gallery pa cionetsero cokumbukira amisiri akuda onyalanyazidwa. M'caka ca 1991, ali ndi zaka 79, nyumba ya Everard Read ku Johannesburg inaonetsa nchito zace, ndipo pamenepo dzina lace linamveka m'dziko lonse. M'caka ca 1996 South African National Gallery ku Cape Town inasonkhanitsa nchito za moyo wace wonse. Anamwalira pa 12 July 2001, ali ndi zaka 89. M'caka ca 2004 boma linamlemekeza ndi nyota ya Ikhamanga, ndipo m'caka ca 2012 zithunzi zace zinasindikizidwa pa masitampa.

Akulu anati m'mera mpoyamba. Tikawerenga amene anathandiza Pemba tipeza kuti sanacite zazikuru: atate analola khoma lidetsedwe, mai wina anabwereka mabuku, mbusa anapereka kanchito. Palibe mmodzi wa iwo amene anakhala ndi moyo kufikira kuona masitampa aja. Inu amene mulikukonzekera kukaimirira patsogolo pa ana, mudzampeza mwana wojambula ng'ombe pa sileti pamene anzace alikucita samu. Samuyo aicite ndithu. Koma musanafafanize ng'ombeyo, yambani mwaiyang'ana bwino, ndi kumfunsa mwanayo ngati ali nazo zina kunyumba.